Pulesi ya a Shawa pa Tebulo la Dolika

Lolemba, 16 Seputembala 2024

Ndilembe za Loweruka lomaliza lija lisanayambe kufufutika m'mutu.

Mphepo ya Ogasiti, fumbi mpaka m'makapu. Malaiti kulibe kuyambira m'mamawa. Tinali pa tebulo tonse awiri, ine kumbali kwanga, mkazi wanga Dolika kumbali kwake, chakuzenera. Iye akusenda nsawa zambewu m'lichero, zigongono pa tebulo monga mwa masiku onse. Ine ndi pulesi ya a Shawa.

A Shawa ndi mlimi wa ku Kasenengwa, kufupi ndi kwawo kwa Dolika. Ali ndi mfuti ya mapepala a boma yophera nguluwe m'chimanga. Zipolopolo zasitolo zimasowa, ndiye makoko owombera kale amawadzazanso okha. Pulesiyi ndiyo imafinya khosi la khoko n'kukankhiramo mutu watsopano. Anaigula yakale. Inkalowetsa mitu mopendama, ndipo chipolopolo chopendama chimapita kumene chafuna. Chaka chatha analasa nguluwe pantchafu m'malo mwa paphewa. Inathawira m'udzu, n'kukang'amba mwendo wa mlonda wawo. N'chifukwa chake anandibweretsera, atamva kuti ndinali fitala, wokonza makina, ku fakitale ya thonje. Onga sindigwira. Anandisiyira makoko opanda kanthu ndi mitu, zoyesera chabe.

Mayina a zitsulo zake anapereka ndi Dolika. Chokwera ndi kutsika anati munsi. Pokhala khoko anati kampando. Chapamwamba, m'mene khoko limalowa, anati chikombole. Munsi uyenera kukwera pakati penipeni pa chikombole. Ukaphonya ndi tsitsi limodzi, ntchito yawonongeka.

Kuyesa kwake: galasi lake lakuchipinda, kuligoneka pa tebulo, kugubuduzapo chipolopolo, kuyang'ana nsonga. Ikamagwedera ndiye kuti chapendama. Maso anga ayamba nkhungu, choncho woyang'ana anali iye. Masabata onse aja yankho linali limodzi, kuti chikuvina chitelele.

Loweruka limenelo ndinali nditaika mphete yatsopano yamkuwa pamene munsi umadutsa. Ndinapanga zisanu. Anazigubuduza chimodzichimodzi, tsaya atagoneka pa mkono, diso limodzi atatsinzina. Kenaka anati, "Atate ake Tamiwe, izi zatembenuka mtima. Zasiya gule."

Ndinaseka. Ndinamuuzanso kuti akadachotsa zigongono zake ndikadamaliza kalekale, amandigwedezera ntchito. Anati tebulo ndi la atate ake, mlombwa wa kwawo, ndipo munthu amene analiboola zibowo zinayi akhale chete.

Tinamwa tiyi ndi mbatata. Anandikumbutsa za lata lodontha pamwamba pa bedi, kuti ndisadikire mvula ndiyo idzandikumbutse. Anadandaula mutu pang'ono, anati ndi fumbi. Zisanu zija anaziponya m'chitini chake cha mabatani kuti zisasakanikirane ndi zovina. Anasita malaya anga a ku tchalitchi ndi nsimbi yamakala, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Basi. Palibe china chinachitika tsiku limenelo. Ndalifufuza mbali zonse.

Lamulungu m'mawa anagwa pa mpopi, ndowa ili m'manja. Sanalankhulenso. Lachitatu anatisiya, ku chipatala. Tinakamuika kwawo.

Lichero likadali pomwepo. Theka losenda, theka ayi.

Lachinayi, 19 Seputembala

A Shawa anabwera masana. Anakhala kaye pakhonde, chipewa pa bondo, mawu ochepa. Kumaliro analiko, ananyamula nawo bokosi. Za pulesi sanatchule, ndinatchula ndine. Ndinati inatha kale, lowani muone.

Ndinagoneka galasi. Ndinakoka mkono wa pulesi, ndinagubuduza. Chinavina. Ngakhale maso angawa anaona. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu kuposa.

Anati mwina manja akadali olema ndi maliro, palibe changu, nguluwe zimayamba chimanga chikabereka. Ndinati andipatse sabata imodzi.

Atapita ndinakhala pampando mpaka nkhuku zinalowa zokha m'khola. Kuchokera Loweruka lija sindinakhudze bawuti ngakhale limodzi. Nanga chasintha n'chiyani?

Chasintha ndikuchidziwa. Ndikunena za pulesi.

Lamulungu, 22 Seputembala

Misa. Ndinakhala kumbuyo. Nyimbo imene ankayambitsa iye wayambitsa wina, mokweza kwambiri, anthu anavutika kuifikira.

Madzulo alamu a Boaz, alongo ake aakulu a Dolika, pa njinga yamoto. Ndiwo mwini mbumba. Nkhani yawo: katundu wa malemu apite kumudzi akagawidwe mvula isanagwe, anthu asanabalalikire m'minda, mtsinje usanatseke njira. Zovala, ziwiya, galasi, tebulo. Akatha kugawa adzandisudzula.

Kusudzula. Kukhala pamphasa pamaso pa abale ake onse, iwo n'kunena kuti tathokoza munatisungira mwana wathu, tsopano ukwati watha, ndinu omasuka. Ndinaonapo akuchitira ena. Ndinkaomba nawo m'manja.

Malinga ngati nsapato zake zili pansi pa bedi, ndine mwamuna wa Dolika. Zikatuluka pakhomo, ndine mkulu wina wa m'komboni ya Nabvutika wokonza zigayo.

Sindinanene zimenezo. Ndinaloza pulesi. Ndinati tebulo lagwidwa ndi ntchito ya eni, ndikaimasula pano zonse ndinayeza zisokonekera, adikire ndimalize. Anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali. Anati, "Chabwino alamu, koma mitambo siyembekeza fitala."

Madzi ndinawapatsa sanamwe.

Lachisanu, 27 Seputembala

Ndaphwasula yonse. Zitsulo pa nyuzipepala, motsatana, monga ankatiphunzitsira ku fakitale. Kutsuka ndi palafini. Munsi ndaugubuduza pa galasi, wowongoka. Ndauyeza ndi geji yanga yakale, singano yake osasuntha. Mphete yamkuwa ikugwira bwino, yosagwedera, yosathina. Kampando kanali ndi litsiro m'mzere, ndalichotsa ndi singano ya Dolika yosokera. Ndaibwezera pa kansalu pamene ndinaipeza, pa bowo lomwelo.

Levulo pa tebulo, dontho pakati. Mabawuti onse anayi olimba.

Kumanganso. Zinayi, zonse zovina.

Pulesi ya thonje ku fakitale inali yaitali ngati nyumba, ndipo ikapendama ndinkadziwa ndi khutu, ndisanatenge sipanala. Kano n'kakang'ono, konyamula m'khwapa. Kakundikana.

Kunabwera mayi wa chigayo cha kumsika, akuti beringi ikulira. Ndinati mawa. Ufa watsala wa pansi pa thumba. Sopo watha, ndikusambira wochapira. Wake wonunkhira uja ali pa njerwa ya m'bafa, wang'aluka ndi kuuma. Sindikhudza.

Lachitatu, 2 Okutobala

Kutentha. Phiri lapsa, phulusa likugwera m'ndowa.

Zovina.

Ndinaika kachitsulo kopyapyala pansi pa chikombole, mbali imodzi. Zinavinira mbali ina. Ndachotsa.

Ndaphikanso za anthu awiri. Galu wa aneba wayamba kundidikira pa geti.

Loweruka, 5 Okutobala

A Shawa pa foni. Sanafunse ngati yatha, anafunsa ngati ndikudya. Ndinafunsa za mlonda uja. Akuti amayenda, koma mokoka mwendo, ndipo kumunda usiku anakana kubwererako. A Shawa akuti chaka chino sawombera ndi chipolopolo chimene sakuchikhulupirira, ngakhale nguluwe zidye mpaka pakhonde.

Ndiye si chitsulo chabe. Pali chimanga cha eni, pali mwendo wa munthu.

Koma ndinene zoona pano, popeza palibe wowerenga. Chikavina mtima umagwa, kenaka pansi pake pamabwera kanthu kena ngati kupuma. Tsiku lina lawonjezeka. Nsapato zikhala.

Ndikufuna ithe. Sindikufuna ithe.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Monika, mng'ono wake wa Dolika. Anabwera ndi mfutso ndi tomato. Anasesa pabwalo, anatsuka mapoto. Atafika pa chitseko cha kuchipinda anapeza loko. Sanafunse. Anafuna kumaliza kusenda nsawa zija, ndinati azisiye. Anati zifumbwa. Ndinati zifumbwe.

Akuti kumudzi ayamba kulankhula. Ena akuti zitenje ndikugulitsa ku msika wa Kapata. Ena akuti pali mkazi amene akuziyesa kale m'chiuno. Anandiuza maso ali pansi. Apongozi anga, amayi awo, akuti safuna kufa asanagwire duku la mwana wawo.

Za apongozi zinandilasa. Zinazo ayi.

Monika akuti wamulota kawiri Dolika, ataima pa mpopi, akufunsa chitenje chake chobiriwira. Anati, "Alamu, zovala zikakhalitsa zimaitana mwini wake. Mlekeni apume."

Ine sanandibwerere ngakhale kamodzi. Ndimagona mbali yanga, katundu wake yense ali pomwepo, loko ndinagula, ndipo iye akupita kwa Monika.

Ndinati pulesi ikangotha. Anaiyang'ana ngati ndiyo mkazi akunena kumudziyo.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndinapita ku Kapata kwa munthu wa makina osema zitsulo kuti andisemere kampando katsopano. Ndinaima pambali pake mpaka anatopa nane, anati ngati ndikudziwa kwambiri ndiseme ndekha. Ndalama ya ufa yapita kumeneko. Kunyumba, kuika, kukoka. Zovina.

Maganizo oipa. Mwina Loweruka lija sizinawongoke. Mwina mutu unkamupweteka kuposa m'mene ananenera, anangofuna ndisiye kugogoda, ndiye anati zasiya gule. Ndinamukwiyira. Kukwiyira munthu ali m'manda chifukwa cha chitsulo cha eni.

Ndinatsegula chitini cha mabatani. Koyamba. Mabatani a yunifomu ya Tamiwe ya ku pulayimale akadalimo. Batani la jekete imene ndinavala pomufunsira. Zisanu zija pansi pa zonse. Ndinazigubuduza nkhope ili pafupi mpaka galasi linachita nthunzi. Zonse zisanu nsonga zii, ngati zagona tulo.

Sananame.

Ndapepesa mokweza, m'nyumba mopanda munthu.

Lamulungu, 13 Okutobala

Tamiwe wabwera kuchokera ku boda ya Mwami, kumene amagwira ntchito ya mapepala a malole. Mwana wathu mmodzi yekhayo. Anandipeza ndi malaya a Lachinayi. Anachapa, anaphika, anandikhalira mpaka ndinamaliza mbale.

Kenaka anakoka mpando wa amake. Palibe anakhalapo chichitikire maliro. Ndinafuna kuletsa, koma anali atakhala kale. Anasuntha lichero pang'ono, zigongono pa tebulo. Amakhala ngati amake, mpaka kaikidwe ka mapazi.

Amalume ake akumuimbira tsiku ndi tsiku. Akuti ngati atate ako akana tibwera ndi ankhoswe, ndipo iwe usankhe kumene waima. Analira. Anati watopa kukhala chingwe chimene anthu akukokerana, iyenso wataya mayi, koma palibe akumufunsa. Ine, posowa poika maso, ndinaika khoko pa kampando n'kukoka. Ndinagubuduza mwa chizolowezi.

Zii.

Chachiwiri, zii. Chachitatu ndinamupatsa kuti ayang'ane iye. Anapukuta misozi, anayang'ana, anati, "Chowongoka, atate. Koma mukundimva zimene ndikunena?"

Ndinati ndamva. Ndinamulonjeza kuti amalume ake abwere Loweruka loyamba la Novembala. Ndinalonjeza mtima uli m'mwamba chifukwa cha chitsulo, ngati mwana wakhoza mayeso. Atakwera basi m'pamene ndinamva zimene pakamwa panga panena.

Ndiye kuti kampando katsopano kanafuna kukhazikika kaye. Pulesi yatha. Pobisala patha.

Lolemba, 14 Okutobala

Zisanu ndi chimodzi. Zonse zovina.

Palibe ndakhudza.

Ndinaponya sipanala kukhoma. Yagumula pulasitala pansi pa chithunzi cha ukwati.

A Shawa anachita bwino kusasiya onga m'nyumba muno. Ndalemba. Ndisiyire pomwepo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tamiwe akuimba m'mawa ndi madzulo. Mwina anamva kanthu m'mawu anga. Ndimayankha.

Ndakakonza beringi ya mayi wa chigayo, kuti ndione anthu. Anandipatsa ufa. Anati ndaonda ngati khasu.

Pulesi ndaifunditsa thumba.

Lachinayi, 24 Okutobala

Holide ya ufulu. Ng'oma ndi malipenga kutauni, ana a sukulu akudutsa ndi timbendera. Ine m'nyumba.

Sindinali kufufuza kanthu. Ndinachotsa thumba lija kuti ndipukute fumbi, n'kukhala pansi. Galasi ndinali nditalikankhira kumbali kwa Dolika, pafupi ndi lichero. Dzuwa linalowa pazenera, kugunda galasi, n'kujambula chigamba chowala kukhoma, pamwamba pa chitseko. Ndinakoka mkono wa pulesi popanda chifukwa, maso ali kukhoma.

Chigamba chinalumpha. Chikhatho chathunthu.

Ndinasiya, chinabwerera. Ndinakoka, chinalumpha.

Ndinagwada, dzanja limodzi lili pa mkono wa pulesi, mutu pansi. Miyendo iwiri ya tebulo ya kumbali kwake imanyamuka. Pang'ono chabe, mpata wolowa chikhadabo. Ndikakanikiza, tebulo limaweramira kwa ine, pulesi imagwedezeka, khoko limapendama pa kampando nthawi yomwe likulowa m'chikombole. Ndikasiya zonse zimabwerera m'malo, levulo n'kumanena kuti zili bwino.

Ndinkayeza zinthu zitaima. Palibe chimene ndinayeza chikugwira ntchito.

Ndili chigwadire ndinaona mtanda wapansi wolumikiza miyendo. Kumbali kwanga ngodya zake zikadali zakuthwa. Kumbali kwake wasalala, wakumbika malo awiri. Ndinaikapo dzanja. Mapazi.

Zigongono pamwamba, mapazi pa mtanda. Ine ndikamakoka, iye ankakanikiza.

Osati pulesi yokhayi. Zibowo zija ndinaboolera vayisi yopanira zitsulo, chaka chimene ndinachoka ku fakitale. Mashafuti a zigayo, mapampu, mafoloko a njinga, zonse zimene anthu ankandiyamikira nazo kuti a Gabrieli dzanja lawo n'lowongoka. Iye ali apo, akusankha nyemba, akusoka, akusenda. Sindikumbuka tsiku limene ndinagwira ntchito yolimba pa tebulo ili iye kulibe. Akapita kumsika ndinkatsuka zitsulo, kudikira munthu wocheza naye. Ndinkayesa kuti n'kucheza.

Kodi ankadziwa? Kapena thupi lokha ndilo linkadziwa, monga mayi amagwira mwana basi ikamakhota, nkhani ili pakamwa?

Ine n'kumati chotsani zigongono.

Loweruka, 26 Okutobala

Njerwa zilipo kuseri. Thumba la mchenga likadatha nkhani. Ndikudziwa. Ndine fitala.

Ndinadikira dzuwa lifike pazenera. Ndinatsegula loko.

Ndinayamba ndi sutikesi. Kuika kumbali kwake, galasi pangodya, kukoka. Chigamba chinalumpha. Ndinabwerera. Zitenje, chobiriwira chija chili pamwamba. Madilesi. Juzi ya mwezi wa Juni. Bulangete limene anabwera nalo pa ukwati. Kukoka. Chinalumpha. Nsapato za ku tchalitchi, patapata wodyeka chidendene cha kumanzere. Mapoto amene anagula ndi ndalama za chilimba cha amayi anzake. Mbale za alendo. Beseni. Nsimbi yamakala, ndinaikhulupirira chifukwa ndi yolemera. Buku la nyimbo, kolona, chitini cha mabatani. Sopo uja wa m'bafa.

Chinalumphabe. Chala chimodzi, osati chikhatho, koma chinalumpha. Chivundikiro cha poto chinalira. Chipolopolo chinavina pang'ono, ngati munthu wodwala akuvinira pampando.

Ndinabwerera kuchipinda kukatenga china. Panalibe. Msomali kukhoma. Pansi pa bedi, fumbi lajambula pamene panali nsapato.

Zonse zimene anasiya padziko zili pa tebulo, ndipo sizikufika pa zigongono zake. Katundu sadziwa nthawi yokanikiza.

Ndinakhala pa simenti. Kumanda sindinalire, anthu anati ndine wolimba mtima. Lero aneba anazimitsa wailesi.

Sindinabweze kanthu kuchipinda.

Lachitatu, 30 Okutobala

A Shawa. Ndinawauza kuti pulesi ilibe vuto kuyambira Ogasiti, vuto ndi pokhala pake. Akaimange pa benchi lokhomera kukhoma kapena pa simenti, asakaiike pa tebulo la m'nyumba. Ndipo akamayesa aziyang'ana ikugwira ntchito, osati itaima.

Kuti aone okha, ndinawapempha aime kumbali ija akanikize tebulo ndi manja awiri ndikamakoka. Mpando sindinawapatse. Anaika manja pafupi ndi mulu wa katundu, za muluwo osafunsa. Zitatu, zonse zii. Anagubuduza okha, kawirikawiri.

Anafunsa kuti kale ankagwira ndani. Ndinati amake Tamiwe. Anavula chipewa.

Ndinamasula mabawuti. Zisanu za m'chitini ndinawabwezera, ndi zawo. Anatenga zinayi. Chimodzi anasiya, anati chilibe onga, sichipha kanthu. Ndalama anaika pansi pa kapu. Ikadali pomwepo.

Anamanga pulesi kumbuyo kwa galimoto ndi lekeni. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu, sindikudziwa chifukwa chake.

Zibowo zinayi pa tebulo. Ukayang'ana umaona simenti.

Mitambo kum'mawa, cha ku Mwami. Mphepo ikununkha dothi.

Loweruka, 2 Novembala

Tsiku lokumbukira akufa. Ku Misa dzina lake linawerengedwa pakati pa ambiri. Wowerenga anafulumira.

Alamu a Boaz anafika ndi kantala, lole yaing'ono yobwereka, Monika ndi Tamiwe ali kumbuyo. Anabwera atakonzekera mkangano, ndinaona pa nsagwada. Analowa, anaona mulu pa tebulo. Nkhope inamasuka. Anati ndachita bwino kulongedzeratu, anthu amalankhula zambiri, ndiwakhululukire. Sindinawawongole. Tamiwe anayang'ana mulu uli mbali imodzi yokha ya tebulo, anayang'ana ine.

Ndinanyamula ndekha. Anafuna kuthandiza, ndinati ayi. Sutikesi, mapoto, bulangete, nsapato. Galasi Monika analikulunga m'chitenje chobiriwira, anati alifukata pamiyendo njira yonse. Duku ndinapatula, ndinati limeneli lisalowe m'magawo, akapatse apongozi m'manja. Nsawa za m'lichero Monika anazipeta, zambiri zafumbwa, zotsalazo akuti akadzala kuseri kwa nyumba ya amayi.

Potsiriza tebulo. Alamu anagwira m'mphepete, anaona zibowo, analowetsa chala m'chimodzi. Anati ili likhale, ndaligwirira ntchito zaka zambiri, ndidyera pati, kumudzi akafotokoza okha. Monika anavomereza. Ankandichitira chifundo, ndipo chinali chifundo chenicheni.

Ndinati, "Tengani alamu. Silikhazikika popanda mwini wake."

Sanamve tanthauzo, koma sanatsutse. Iwo anagwira kumbali kwanga, ine kumbali kwa Dolika. Potulutsa pakhomo tinalipendeketsa, mtanda unadutsa pafupi ndi nkhope yanga. Tinaligoneka chagada pamwamba pa katundu, miyendo m'mwamba.

Tamiwe anafuna kutsala. Ndinati apite ndi zinthu za amake, asazisiye zokha panjira. Ine ndikwera basi yoyamba mawa. Mphasa ikundidikira. Malaya ndasita ndi nsimbi ya aneba.

Ndikulemba pa bondo. Pa simenti patsala zizindikiro zinayi, ziwiri zanga, ziwiri zake. Chipolopolo chija ndachigubuduza pakati pake. Chavina. Pa simenti chilichonse chimavina.

Mvula yayamba, dzuwa lisanalowe. Yoyamba. Ana akukuwa mumsewu.

Lata lija sindinakonze. Ikudontha pa bedi, kumbali kwake. Beseni lapita ndi kantala.